Ang'ono Athu Akutuluka pa Geti, Tiwagwire Dzanja Bwanji?

Funso lachokera kwa mnyamata wa ku Garden, muno mu Lusaka: "Amayi, ndili ndi zaka 27, ndimawotcherera mafulemu a zitseko ndi mawindo. Ndinakulira m'nyumba yolerera ana kuyambira ndili ndi zaka 6. Nditatuluka ndinazunzika zaka zitatu ndisanapeze poima. Tsopano ndikuona ang'ono athu akutuluka n'kumagwera m'maenje omwewo. Tilipo asanu amene tinakulira kumeneko ndipo tikufuna kuwathandiza pa za sukulu ndi ntchito, koma ndalama tilibe. Tiyambire pati? Kodi tilembetse kaye bungwe?"

Mwana wanga, za bungwe zisiyeni kaye. Ndaona magulu akutha chaka chathunthu akukangana za amene akhale wapampando ndi msungichuma, chidindo chilipo, malamulo a gulu alembedwa bwino, koma palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene waperekezedwa ku ofesi kukatenga chitupa. Mapepala a bungwe adzakupezani ntchito ikuyenda kale. Inu asanu muli ndi chinthu chimene ine ndilibe, ngakhale ndagwira ntchito yosamalira ana zaka zambiri. Munagona pa mabedi omwewo, munkadzuka ndi belu lomwelo, ndipo munatuluka pa geti lomwelo mutanyamula chikwama chimodzi.

Mwana amene wadutsa m'manja mwa anthu ambiri amaphunzira msanga kuyankha zimene wamkulu akufuna kumva. Ine ndikamufunsa ndili kuseri kwa tebulo, amangoti "ndili bwino amayi", maso ali pansi. Panali mtsikana wina amene tinamupezera malo pa koleji ina m'tauni, iye akukhala kwa azakhali ake ku Kanyama. Milungu itatu inatha osapitako. Ine anandiuza kuti mutu ukumuvutitsa. Mkulu wake wina, amene anatuluka m'nyumba yomweyo zaka zinayi m'mbuyomo, anakamuchezera, nakhala naye pakhonde akusadzula chibwabwa, ndipo ndiwo zisanafike pamoto choona chinali chitatuluka. Mtsikanayo anali asanakwerepo minibasi yekha. Moyo wake wonse galimoto ya panyumbapo ndiyo inkawatengera kusukulu, kutchalitchi ndi kuchipatala. Tsiku loyamba anafika pa Kulima Tower, makondakitala akukuwa mbali zonse, wina n'kumukoka chikwama, iye n'kubwerera kunyumba akulira. Anachita manyazi kunena kuti munthu wokhoza Giredi 12 walephera kukwera basi. Mkulu wakeyo anangoti, "Nanenso ndinasokonezeka pomwepo, mawa tipitira limodzi." Anayenda naye masiku atatu, kumuonetsa pokwerera, potsikira, ndi mmene amauzira kondakitala akafuna kutsika. Ine ndi masatifiketi anga ndikanangomutumiza kukiliniki kukalandira Panado.

Koma ndisanakuuzeni njira za sukulu ndi ntchito, ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi, chifukwa zina zonse zakhazikika pa icho. Ana amenewa asiyidwa kale kambirimbiri. Makolo anamwalira kapena analephera, achibale anawatula, amayi owalera panyumbapo ankasinthasintha, alendo ankabwera pa Khirisimasi ndi maswiti n'kujambulitsa nawo zithunzi, osadzaonekanso. Inu mukabwera ndi malonjezo n'kusowa patatha miyezi iwiri, simunangolephera kuthandiza, mwawonjezera bala pa bala. Ku America kuli bungwe lakale lotchedwa Big Brothers Big Sisters, limene limalumikiza ana ndi anthu akuluakulu owayendera. M'chaka cha 2002, Jean Grossman ndi Jean Rhodes anatulutsa kafukufuku wa ana a m'bungweli. Anapeza kuti amene ubale wawo unakwanitsa chaka kapena kupitirira ndiwo anapindula kwambiri, pamene amene ubale wawo unatha miyezi itatu isanakwane anabwerera m'mbuyo pa kudziona kuti ndi anthu ofunika ndi pa kukhulupirira kuti angakhoze m'kalasi.

Ine sindinaziphunzire m'buku, ndinaziphunzira pa nkhope ya mwana. Nditangoyamba ntchito ndinasonkhanitsa achinyamata odzipereka Loweruka lina, tinagula mabanzi ndi zakumwa, aliyense ndinamupatsa mwana wake, tinaimba, tinabalalika mitima ili mbee. Sindinafunse aliyense ngati ali ndi ya basi, ngati ntchito yake imamulola, kapena ngati adzakhale mu Lusaka chaka chamawa. Mvula isanagwe ambiri anali atasowa. Mnyamata wina wa zaka 15 ankasita malaya ake Loweruka lililonse n'kukakhala pa njerwa pafupi ndi geti kuyambira m'mawa. Loweruka lachinayi sanasite. Pamene ndinamupezera munthu wina anandiyankha kuti, "Musavutike amayi, ndinazolowera." Kulakwa kunali kwanga, ndipo mawu amenewo ndikadali nawo mpaka lero.

Ndiye inu asanu, aliyense atenge mng'ono mmodzi, akachuluka awiri. Ndikudziwa kuti mitima yanu ikufuna kunyamula onse, koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Lonjezani zochepa zimene mungakwanitse ngakhale mwezi umene magetsi akuvuta ndipo maoda a mafulemu aima: kukumana kawiri pa mwezi, pa tsiku lodziwika, kwa chaka chathunthu, ndi foni imodzi pakati pa mlungu. Mukaona kuti simufika, imbani dzulo lake, mutchule tsiku lina, ndipo tsikulo mufikedi. Amene akudziwa kuti posachedwa asamukira ku Solwezi kapena ku Chipata asatenge mwana, athandize m'njira zina. Chaka chikatha mukhale pansi ndi mng'onoyo, mukambirane poyera ngati mupitirize kapena mutsanzikane.

Lowerani pakhomo, osati pawindo. Lamulo la Children's Code Act la 2022 limati aliyense wa zaka 18 kapena kucheperapo ndi mwana, ndipo ana amene ali m'nyumba zolerera kapena m'mabanja owalera amayang'aniridwa ndi a Social Welfare, pansi pa Ministry of Community Development and Social Services. Pitani ku ofesi yawo ya boma la Lusaka, mupitenso kwa oyang'anira nyumba imene munakulira, muwafotokozere. Akakuuzani kuti mukadinde zala kupolisi kuti aone ngati mulibe mlandu, musakhumudwe. Munthu wofuna kuononga ana amabweranso ndi mawu okoma ngati anuwa, ndipo pakhomo sangathe kusiyanitsa ndi maso. Mnyamata ayende ndi mnyamata, mtsikana ndi mtsikana. Ngati pa asanu inu mulibe mkazi, pezani alongo anu amene munakulira nawo musanayambe. Kumanani poonekera, mwana asagone kwanu, ndipo chibwenzi pakati pa wothandiza ndi wothandizidwa chikhale choletsedwa kotheratu, ngakhale atakwanitsa zaka 18.

Musadikire kuti atuluke. Yambani nawo ali ndi zaka 16, akadali ndi pogona ndi chakudya, ndipo ntchito yoyamba ikhale reji, chitupa cha dziko chotchedwa NRC. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ambiri amakodwa. Popanda NRC munthu sangalembetse simu kadi m'dzina lake, sangatsegule akaunti kubanki, sangapemphe thandizo la sukulu, ndipo bwana wolemba ntchito mwadongosolo amubweza pakhomo. Mwana wa m'banja akakwanitsa zaka 16 amangonyamuka ndi amayi ake kapena amalume ake, iwo n'kukamuchitira umboni. Wathuyu amuchitira umboni ndani? Ndipo pa chitupacho amalembapo mudzi, mfumu ndi boma lochokera. Ndinakhalapo pa benchi ndi mnyamata amene anafunsidwa kuti, "Mudzi wanu ndi uti, mfumu yanu ndani?" anthu pamzere akumvetsera. Anangoti kakasi. Anabweretsedwa ali khanda, ndipo mudzi umene ankaudziwa ndi mpanda wa njerwa umene anakuliramo. Tinatuluka, ndipo panjira yonse sanalankhule. Funso limenelo silifuna yankho la pa pepala lokha, limatokosa pamene pali chilonda.

Chotero musanapite ku ofesi ya reji, pemphani a Social Welfare ndi oyang'anira nyumba atsegule fayilo ya mwanayo. Nthawi zambiri mumapezeka dzina la wachibale, kadi ya sikelo, kapena kalata ya amene anamubweretsa. Ngati wachibale alipo, ku Chawama kapena ku Katete komwe, afunidwe nthawi ikadalipo. Ngati palibe, a Social Welfare ndiwo alembe kalata yofotokoza mbiri yake. Inu ntchito yanu ndi kukumbutsa, kubwererako osatopa, ndi kukhala pambali pake tsiku limene akufunsidwa mafunsowo. Mumukonzekeretse dzulo lake kuti adzafunsidwa chiyani. Kenako mugule envulopu yolimba ya pulasitiki, muikemo zonse: reji, chikalata cha kubadwa, zotsatira za mayeso, makalata a imfa ya makolo ngati alipo, kalata ya a Social Welfare. Chilichonse chikhale ndi fotokope, muchijambulenso pa foni n'kuchitumiza ku imelo yake. M'komboni madzi amalowa m'nyumba nthawi ya mvula, ndipo munthu wosamukasamuka amataya mapepala.

Za sukulu zapepukako kusiyana ndi nthawi yanu. Kuyambira mu January 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka Giredi 12. Komabe yunifolomu, nsapato, makope ndi ya basi zikadali pa mutu wa wolera, ndipo mwana amasiya sukulu chifukwa cha nsapato yong'ambika osauza munthu. Muzifunsa mafunso ang'onoang'ono. M'malo moti "sukulu ikuyenda bwanji", nenani kuti "ndionetse kope lako la masamu". Amene sanakhoze bwino Giredi 12 asadziyese otayika. Examinations Council of Zambia imalembetsa mayeso a GCE chaka chilichonse, munthu n'kusankha maphunziro okhawo amene akufuna kukonza. Makoleji ambiri ndi mayunivesite amafuna makirediti asanu, kutanthauza kukhoza phunziro ndi giredi 1 mpaka 6, Chingerezi chili momwemo, ndipo ambiri amafunanso masamu. Mumulangize alembe awiri amene angawerenge mokwanira, kusiyana ndi kulipira asanu n'kugwa onse. Mtsikana amene watenga pathupi auzidwe msanga kuti kuyambira 1997 dziko lino limalola mwana wa sukulu kubwerera m'kalasi akabereka. Ambiri amadziwa zimenezi, chimene amasowa ndi munthu wolowa naye mu ofesi ya ahedi tsiku loyamba.

Ndalama za maphunziro a ntchito zamanja zifuneni ku CDF (Constituency Development Fund), thumba la boma la chitukuko cha m'madera. M'chaka cha 2022 thumba limeneli linakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse, ndipo lakhala likukwerabe. Mbali ina ndi yolipirira ana ovutika ku sekondale zogonera komweko, ina ndi ya maphunziro a luso. Fomu imadutsa ku Ward Development Committee ya kumene mwanayo akukhala, ndipo amafuna reji, kalata yoti walandiridwa pa sukulu yovomerezeka ndi TEVETA (bungwe la boma loyang'anira maphunziro a luso), ndi umboni woti ndi wovutika. Nthawi yolandira mafomu imatsekeka, choncho mmodzi wa inu adziwane ndi a komiti ya wadi ndipo azidutsa ku ofesi ya khansala kuona zimene zamatidwa. Lusaka ili ndi Lusaka Business and Technical College, Evelyn Hone College ndi sukulu zina zing'onozing'ono, koma musanalipire kulikonse tsimikizani kuti TEVETA ikuidziwa sukuluyo. Amene wakhoza kupita ku UNZA kapena yunivesite ina ya boma apemphe ku Higher Education Loans and Scholarships Board, ndipo mumuuze zoona kuti imeneyo ndi ngongole yodzabweza akayamba ntchito.

Pano pali chinthu chimene chimandipweteka mtima. Ana oleredwa timakonda kuwasankhira: atsikana onse kutelala ndi kuluka tsitsi, anyamata onse ukalipentala ndi kuwotcherera, ngati kuti umasiye umachepetsa nzeru. Ntchito zimenezi ndi zaulemu, inu nomwe mukudyera momwemo. Koma mufunseni mwiniwake. Ngati akufuna unamwino, khalani naye pansi muone magiredi ake, zimene zikusowa, ndi zaka zimene zidzatenge. Ngati maloto ake ali kutali kwambiri ndi zotsatira zake, musamunamize, komanso musamuseke. Muonetseni sitepe yoyamba.

Ku ntchito ndiye kumene inu muli ndi mphamvu zenizeni. Mu Lusaka ntchito zambiri sizilengezedwa m'nyuzipepala. Zimayenda pakamwa: amalume auza mnzawo wa kutchalitchi, mlamu alankhula ndi kapitawo. Ang'ono athuwa alibe amalume otero, ndiye amalumewo ndinu. Khalani pansi asanu inu mulembe anthu onse amene mumawadziwa: owotcherera a mu msewu wa Katima Mulilo, akalipentala a ku Kalingalinga, ogulitsa matabwa ku Buseko, amayi a malesitanti, eni mabutu a mobile money, ogulitsa salaula ku Soweto. Mudzadabwa kutalika kwa mndandandawo. Pokamupereka mwana, mbiri yake si yanu kuti muiulutse. Mufunseni kaye zimene akufuna kuti bwanayo adziwe. Ena safuna kutchedwa "uja wa ku ofaneji" pa ntchito, ndipo ali ndi ufulu umenewo.

Gwirizanani ndi mwini ntchito poyambirira, inu mulipo: aphunzira miyezi ingati, ya basi ndi ya nkhomaliro apatsidwa bwanji, malipiro ayamba liti. Ndaona anyamata akukhala zaka ziwiri akupala zitsulo ndi kunyamula majenereta akuuzidwa kuti "ukadaphunzira", chifukwa bwana akudziwa kuti palibe kholo lodzafunsa. Inu muzifunsa. Amene waphunzira pamanja mumulimbikitse akalembe Trade Test ya TEVETA kuti luso lake likhale ndi pepala. Akalembedwa pa kampani, adziwe kuti Employment Code Act ya 2019 imati mgwirizano wa miyezi 6 kapena kupitirira ukhale wolembedwa, atenge TPIN (nambala ya msonkho) ku ZRA, ndipo aziona ngati ndalama ya penshoni ya NAPSA imene ikudulidwa pa malipiro ake ikufikadi. Wantchito amadulidwa 5 peresenti, bwana amaikaponso 5.

Kupeza ntchito n'kosavuta kusiyana ndi kukhalitsapo. Munthu amene moyo wake wonse ankadzutsidwa ndi belu amachedwa mlungu woyamba. Wina bwana akangomukalipira amataya zida n'kuchoka osabwereranso, chifukwa kwa iye kukalipiridwa kumatanthauza kuti watayidwanso. Usiku wa tsiku lotero foni yanu ndi yofunika kuposa maphunziro onse. Muuzeni mmene inu munakalipiridwira mutaotcha chitsulo cha kasitomala, ndi kuti m'mawa mwake munapita n'kupepesa, ntchito n'kupitirira. Malipiro oyamba nawonso ndi mayeso. Achibale amene sanaonekepo zaka khumi amatulukira, anzake amamukokera kobetcha mpira, ndipo pofika pa 10 wayamba kufuna kaloba. Khalani naye ndi pepala ndi bolopeni: lendi, ufa, malasha, ya basi, sopo. Ambiri sanagulepo ngakhale pamela, mitengo sakuidziwa. Mupite naye kumsika. Akakhazikika mungamulowetse m'chilimba cha anthu okhulupirika.

Inuyo musasanduke banki. Mukayamba kupereka ndalama m'thumba mwanu, ubale umasintha, mwana amayamba kukubisirani zoona kuti thandizo lisaduke, ndipo inu mumayamba kuzemba foni yake mwezi ukavuta. Ikani kathumba kamodzi ka gulu, aliyense aziponyamo kangachepe, kagwire ntchito ya mafotokope, zithunzi ndi ya basi yopitira ku maofesi, ndipo zonse zilembedwe m'kope.

Musaiwale kuti ana ambiri opanda makolo m'dziko lino sali m'nyumba zolerera, ali kwa agogo, kwa azakhali, kwa amayi aang'ono. Mukadzafika kwa otere, musadumphe mwini khomo. Odini, khalani pansi, perekani moni, fotokozani. Agogo amene akulera adzukulu anayi ndi ndalama ya tomato sakufuna mnyamata wobwera kudzawaphunzitsa kulera, akufuna wowapeputsa. Koma maso anu akhale otseguka pa mtsikana amene ana a mwini nyumba akupita kusukulu, iye akutsala akuchapa.

Pali katundu amene si wanu kusenza. Mng'ono wanu akakuuzani kuti wina akumugwira, akumenyedwa, kapena akuganiza zodzipha, musalonjeze kusunga chinsinsi. Muuzeni kuti mumamukonda kwambiri moti simungakhale chete, ndipo mupite naye. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana, 933 ndi ya akuluakulu, kupolisi kuli Victim Support Unit, ndipo za maganizo ndi mankhwala ozunguza bongo akuthandizani kukiliniki kapena kuchipatala cha Chainama. Ena amamwa ma ARV kuyambira ubwana. M'nyumba yolerera ankapatsidwa pa nthawi yake, koma akayamba kugona chipinda chimodzi ndi anzawo amabisa botolo mpaka kusiya. Akakuululirani, chimenecho ndiye chinsinsi chosunga, ndipo muzimukumbutsa tsiku lokatenga mankhwala.

Ndipo inu nomwe, mwana wanga. Mwati munazunzika zaka zitatu. Nkhani za ang'ono anu zidzadzutsa zanu zimene munaziika pansi pa mtima, ndipo tsiku lina mudzabwera kunyumba osafuna kulankhula ndi munthu. Muzikumana asanu inu kamodzi pa mwezi, osati kukamba za ana okha, koma kufunsana kuti inuyo muli bwanji. Pakhale munthu wachikulire mmodzi, wa Social Welfare, mphunzitsi kapena mlangizi wa kumpingo wodziwa za ana, amene azikhala nanu pa mikumano imeneyo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Wina akatopa anene, mnzake amugwirire kwa mwezi, mwana atauzidwa bwinobwino chifukwa chake.

Chaka chikatha muli pamodzi, kope lanu likuonetsa amene atenga reji, amene alemba GCE ndi amene akhalitsa pa ntchito, pamenepo kalembetseni gululo, kwa Registrar of Societies kapena ngati NGO, ndipo a Social Welfare adzakulozerani njira yokuyenerani. Mlungu uno, pemphani tsiku lokaonana ndi oyang'anira nyumba imene munakulira. Mupite nonse asanu, ndipo mukafunse mayina a ana amene akwanitsa zaka 16 koma alibe reji.